Jazz Bass ya 1978 pa 45 mil ku Moatize, ndigule kapena ndithawe?

Bezi_wa_Domue:
Akuluakulu ndi anzanga nonse a pagulu pano moni. Ndabwera ndi nkhani ikundisowetsa tulo. Pali mkulu wina ku Moatize akugulitsa gitala ya bezi, akuti ndi Fender Jazz Bass ya 1978, akuti anamusiyira mzungu wina amene ankagwira naye ntchito ku mgodi wa malasha nthawi ija kunali ndalama. Mtengo akuti 45 mil, ndiye kuti ma meticais 45,000, ndipo sakutsika. Zithunzi wanditumizira pa WhatsApp ndaziika m'munsimu. Penti yake ndi ija yoonetsa thabwa, yasupuka pomwe pamatsamira mkono, makiyi ochunira achita dzimbiri pang'ono koma akuti ikulira bwinobwino. Ine ndimaimba ku tchalitchi ndi kabezi ka ku China kamene khosi lake linakhota kalekale, nsambo zili m'mwamba moti pofika nyimbo yachitatu zala zimakhala zatupa. Ndalama ndili nayo ya kachewere ndagulitsa mwezi wathawu koma ndi yomweyonso ya feteleza. Ndiye ndimati ndimve kwa inu odziwa, ndikwere shapa ndikaitenge kapena munthuyu akufuna kundiponda?

Txopela_Matundo:
Thawani mano. Fender ya 78 pa 45 mil? kkkk olo kumaloto

SunguraBasi:
Aliyense wogulitsa katundu ku Moatize amati anamusiyira mzungu wa ku mgodi. Koma mzungu ameneyo anali ndi katundu aise, firiji, jenereta, njinga yamoto, pano tafika pa bezi

Mmisiri_Chingodzi:
Achimwene a ku Domue, zithunzi ndaziona ndipo pali zinthu ziwiri zikundikayikitsa. Jazz Bass ya chaka chimenecho khosi amalimanga ku thupi ndi masikuluwu atatu, kachitsulo kakumbuyo kamakhala ka makona atatu ndipo kali ndi kabowo kakang'ono kolowetsapo kiyi wopendeketsera khosi. Anayamba zimenezi chapakati pa ma 70 mpaka kumayambiriro kwa ma 80. Yanuyi pachithunzi chachitatu ndikuwerenga anayi. Chinanso ndi truss rod, chitsulo chija chili mkati mwa khosi. Pa ya 78 nati yake imatulukira kumutu, yonyezimira yosongoka, munthu umaiona uli chapatali. Pachithunzi chanu kumutu kulibe chilichonse, kutanthauza kuti nati ili kumunsi komwe khosi limakumana ndi thupi, ngati za ma 60.

Muuzeni ajambule kumutu pafupi kwambiri. Kuyambira 1976 Fender inasamutsa siriyo nambala kuchoka pa kachitsulo kakumbuyo n'kuiika kumutu pansi pa dzina, imayamba ndi S kenako nambala ya chaka, ndiye tikuyembekezera chinachake ngati S8. Komabe chomatacho musachikhulupirire kwambiri, masiku ano aliyense akhoza kuitanitsa pa intaneti n'kumata. Umboni wabwino uli mkati. Masulani kachitsulo kokhala ma volume muone kumbuyo kwa ma pot, tizitsulo tozungulira tili pansi pa ma volumewo, pali manambala. Akayamba ndi 137 ndiye kuti ndi a kampani ya CTS, awiri otsatira ndi chaka, awiri omaliza ndi sabata. Mukapeza 1377820 ndiye sabata ya 20 ya 1978. Ena amayamba ndi 304, amenewo ndi a Stackpole. Ndipo ganizirani za mtengo. Yeniyeni kunjaku amagulitsa madola masauzande angapo, 45 mil wanuyo pa 64 pa dola ndi madola 700 basi. Kwa Fender yeniyeni yatchipitsitsa, kwa yokopera yadulitsitsa.

Kota_wa_Songo:
Amisiri za masikuluwu anayi musathamange nazo. Anthu ambiri ankadana nawo atatu aja chifukwa khosi linkagwedera, makamaka poti pokhala khosi ankasema mothamanga pamakhala mpata wolowa ndalama yachitsulo. Ndiye eni ake ankaboola okha n'kuika anayi. Ndinaionapo ina ku Harare yotero, yeniyeni ndithu. Paja kampani ija Leo Fender anaigulitsa kwa CBS mu 1965 ndipo CBS inaisiya mu 1985, zaka za kumapeto kwa ma 70 ndiye zimene anthu ankadandaula kwambiri kuti ntchito yatsika. Ife tikukula, ya 78 sinali chinthu chonyadira, ankangoti ndi yakale basi. Lero poti zaka zapita ndiye yasanduka golide.

Mmisiri_Chingodzi:
Zoona akulu, amaboola. Koma akaboola bowo lakale limatsala pansi pa kachitsulo, ndipo nati ya kumutu siisamuka yokha kupita kumunsi. Ziwiri zonse pa bezi imodzi ayi.

Kota_wa_Songo:
Pa nati apo ndavomera. Pokhapokha khosi anasintha, ndiye ikhala theka Fender theka kaya chani

Nachisale_Ulongue:
Ine ndifunseko zina poti nonse mwathamangira dzina. Achimwene mwamufunsa kuti ikulemera bwanji? Za kumapeto kwa ma 70 zambiri thupi lake ndi la mtengo wa ash wolemera, zina zimafika makilo 5 mpaka kuposa. Ine ndimaimba bezi pa kwaya yathu ndipo mukudziwa mmene maukwati a kwathu kuno amakhalira, kuyamba m'mawa kutchalitchi, masana perekaniperekani mpaka dzuwa kulowa, wa bezi sapuma chifukwa ukangosiya anthu amasiyanso kuvina ndipo ndalama sizituluka. Ndi makilo 5 paphewa tsiku lonse mudzalitukwana dzina la Fender lomwelo. Komanso pepani ndinene, kwa amayi a kunyumba mwanenako kuti ndalama ya feteleza ikupita ku Moatize?

Txopela_Matundo:
kkkkkk achemwali mwagunda pabala

Bezi_wa_Domue:
Achemwali nkhani imeneyo tiisiye kaye ili ku komiti. Za kulemera sindinafunse, ndifunsa

SunguraBasi:
Komiti ya munthu mmodzi ndipo apampando si inu

Madala_Furancungo:
Ana anga ndakhala ndikuwerenga ndili chete, ndati ndiponyepo mawu. Inu mukamati bezi yakale mumangoganiza za America, koma kuno kwathu zakale zimene zinafika m'manja mwa anthu wamba zambiri sizinachokere kumeneko. Nthawi ya nkhondo ndani akanagula Fender? Ambiri a ife tinali ku Dedza ndi ku Ntcheu m'misasa, tikuimba ndi magitala a zigubu za mafuta, bezi yake inali babatoni, ng'oma ya chikopa cha ng'ombe, mtengo wautali ndi waya mmodzi wa mu tayala. Ndipo anthu ankavina fumbi koboo.

Yanga yoyamba ya magetsi anabwera nayo mkulu wanga mu 1990 pochokera ku Germany ya kum'mawa. Anali mmodzi wa aja anapita kukagwira ntchito m'mafakitale pa mgwirizano wa 1979 wa Mozambique ndi dziko limenelo, amene pano timawatcha Madjermanes. Anzake anabwera ndi njinga zamoto za MZ ndi mafiriji, iye anabwera ndi wailesi ndi bezi ya Musima, yopangidwa ku Markneukirchen. Ilipo mpaka lero, ili pamwamba pa wadiropu. Khosi lake ndi lonenepa, dzanja laling'ono silingazungulire, polowetsa chingwe panali ka soketi kozungulira ka timano ngati ka mawailesi akale, mpaka tinachotsa n'kuika jeki wamba. Titabwerera kumudzi mtendere utasainidwa mu 1992 tinkaiimbira pa batire ya galimoto ndi ampu yopanga tokha, sipika tinaika mu mtsuko. Sindikunena kuti ndi yabwino kuposa zanu za lero, ayi, kuimba kwake n'kolimbana nayo. Koma khosi silinakhotepo zaka zonsezi, ndipo zimenezo ndi zimene ndingamuuze mwana wa ku Domueyu, kuti akakafika ayambe wayang'ana khosi, dzina aliwerenge pomaliza.

Jeki_Mbambande:
Agogo Musima imeneyo simungandigulitse? Ndikunena zoona

Madala_Furancungo:
Mwini wake anatisiya, mdzukulu wanga. Siigulitsidwa. Koma ukadzafika ku Furancungo udzabwere udzaigwireko.

Kota_wa_Songo:
Madala mwandikumbutsa kutali. Kunalinso za Jolana za ku Czechoslovakia, ndi za Giannini za ku Brazil zinkapezeka kwa ma padiri ena. Koma kwa munthu wofuna yakale yoti aziimbira osati yoika pa wadiropu, ine ndimati yang'anani za ku Japan za kumapeto kwa ma 70 ndi ma 80. Yamaha BB anayamba kupanga mu 1977, ndi akasinja amene aja. Aria Pro II, Ibanez Blazer ndi Roadstar, Greco, Tokai, Westone. A Japan anafika pokopera bwino moti Fender yomwe inatsegula Fender Japan mu 1982 n'kumapangitsa ku fakitale ya FujiGen, ndipo ma Squier oyamba aja a nambala yoyamba ndi JV lero anthu akuwasaka. Zoterezi zimapezeka m'mashopu a pinyolo ku Johannesburg, nthawi zina ku Blantyre, ndipo mwini shopu kawirikawiri amangoona kuti si Fender n'kuika mtengo wa chifundo.

SunguraBasi:
Koma tinene chilungamo, zakalezi kulira kwake ndi kwa mdima. Dum dum dum basi. Ife a sungura tikufuna bezi yoyankhula, yoti ukathamanga kumunsi kwa khosi noti iliyonse imveke payokha. Tamuonani Macheso mmene amaiyendetsera, bezi imakhala ngati ndiyo ikutsogolera nyimbo. Jazz Bass ili ndi mafreti, tizitsulo topingasa pa khosi tija, 20 okha, za lero zili ndi 24, ndipo nsambo zinayi ku tchalitchi zimakuchititsa manyazi. Wa kiyibodi akangodina transpose kutsata mawu a amayi a chigwirizano mupezeka muli mu E flat, iwe noti yapansi ulibe. Ine 45 mil ndingagule ya nsambo zisanu yatsopano ndi chenji cha kaampu.

Nachisale_Ulongue:
Za E flat zo ndi zoona, zimandipweteka sabata ndi sabata

Kota_wa_Songo:
Mphwanga SunguraBasi, mdima ukunenawo si wa bezi, ndi wa nsambo. Zakale zambiri ukazipeza zimakhala ndi nsambo zoti zakhalapo zaka, kapena zija zosalala za flatwound. James Jamerson wa ku Motown ankaimbira Precision ya 1962 ndi zosalalazo ndipo sankazisintha, ndiye kulira kumene ukuti dum dum. Koma Jaco Pastorius ankaimbira Jazz Bass ya 1962 yomweyo ya zaka zimenezo, tamvera ngati noti zake zimabisala. Nsambo zokhakhala za roundwound zinatchuka kuchokera 1966 pamene Rotosound inapanga ndi John Entwistle. Ika zatsopano pa Jazz Bass, tsegula pikapu (kamaginito kotola mawu a nsambo) ya kufupi ndi bridge, pomwe nsambo zimamangidwa pa thupi, tsitsa pang'ono ya kukhosi, imba pafupi ndi bridge, sungura ituluka yokha. Ukafuna reggae tembenuza, ya kukhosi yonse, tone pansi, ndiye Family Man wa Wailers ameneyo, nayenso Jazz Bass. Za mafreti 24 ndakumva koma ndiuze ndi nyimbo zingati pa ukwati umafika pa freti ya 22.

SunguraBasi:
Ine ndimafika akulu. Mufunse anthu a ku Zobue

Mano_Zobue:
Amafikadi koma sitidziwa ngati amakhala akufuna kufikako

Txopela_Matundo:
kkkkkkk mwamupha

Jeki_Mbambande:
Poti mwatchula nsambo, inu mukugula kuti? Mu Tete muno ndazungulira ndimangopeza zija zopanda dzina zoti pakatha masabata awiri zachita dzimbiri. Ine ndimangowiritsa zakale mu poto

Mmisiri_Chingodzi:
Kuwiritsa kumathandiza kamodzi kapena kawiri, kumachotsa thukuta ndi litsiro lolowa m'mizere, koma muziumitsa msanga ndithu apo ayi madzi otsalira mkati ndiwo amayambitsa dzimbiri. Ine ndimakonda kuziviika mu spiriti usiku wonse mu botolo lotseka, mulibe madzi ambiri ndiye siziwola. Koma dziwani kuti nsambo ikaimasulidwa n'kumangidwanso kambirimbiri imatopa pomwe imapinda pa kiyi ndi pa bridge, tsiku lina idzaduka muli pakati pa nyimbo, ndipo imakhala G kapena D nthawi zonse. Chachikulu pukutani ndi kansalu kouma mukangomaliza kuimba, pansi pa nsambo pomwe. Ndi thukuta la mu Tete muno palibe nsambo ingakhale. Zabwino ndimatumiza kwa a malole a ku Johannesburg kapena wina akamapita ku Lilongwe, za makulidwe a 45 mpaka 105.

Mano_Zobue:
Inu mukukamba za nsambo, nkhani yoopsa ndi ma ampu akale. Msuweni wanga anapeza ampu ya ku America mu katundu wa kaunjika, yokongola ya ma valve, osaona kuti kumbuyo analemba 117V. Kuno ndi 220. Anangolowetsa mu tomada, kunamveka phu, utsi, nyumba yonse fungo la transformer. Za ku Japan nazonso samalani, kwawo ndi 100V. Pamafunika ka transformer kotsitsa magetsi. Ndipo zakale zambiri pulagi yake ndi ya mano awiri yopanda earth, pomwe nsambo za bezi zimalumikizana ndi chitsulo cha ampu kudzera pa waya wa pansi pa bridge. Ukagwira nsambo mlomo n'kukhudza maiki umaona nyenyezi masana.

Nachisale_Ulongue:
Zimenezo zinamuchitikira mtsogoleri wathu wa nyimbo pa jenereta, anthu ankayesa wagwidwa ndi mzimu

Txopela_Matundo:
Magetsi akuchokera pa Songo pompa kupita mpaka ku South Africa koma ife earth yokha kutivuta. Akulu a ku Songo tatiyankhulireniko kumeneko

Kota_wa_Songo:
Earth ndi ya m'nyumba mwako mphwanga, khoma chitsulo pansi. Ife kuno timangoyankhula za mpira, UD Songo inatenga Moçambola 2017, 2018 ndi 2022, inu a mu mzinda mwatenga chani?

Txopela_Matundo:
Ayi ndiye mwayamba. Chingale ndi mtima akulu, si makapu

Admin_Nsambo4:
Abale za mpira kuli gulu lake. Munthu wafunsa za bezi ndipo akudikira. Amisiri tamuuzeni zoti akaone akakafika, poti zikuoneka kuti apita ndithu olo timuletse.

Mmisiri_Chingodzi:
Chabwino. Achimwene musatumize ndalama pa M-Pesa olo ya chikole musanaigwire, ng'ombe sagula poona nyanga pa foni. Nyamulani sikuludiraiva ya nyenyezi, chingwe chanu chimene mukuchidziwa kuti ndi chabwino, ndi tuner. Mukafika ichuneni kaye ifike pa E A D G, chifukwa ogulitsa ena amamasula nsambo dala kuti khosi lioneke lowongoka. Nsambo zinayi zikamangidwa zimakoka makilo oposa 70, pamenepo ndi pomwe khosi limaonetsa khalidwe lake.

Kenako dinani nsambo ya E pa freti yoyamba ndi dzanja lamanzere, ndi chala cha dzanja lamanja dinani pa freti yomaliza, muyang'ane mpata pakati pa nsambo ndi freti ya 7 kapena 8. Uyenera kukhala wongolowa kakhadi ka kredito ya foni. Ukakhala waukulu khosi lakhota, zimenezo truss rod ikhoza kukonza ngati ikugwira ntchito. Chitaninso chimodzimodzi ku nsambo ya G. Mukapeza kuti mbali ina mpata ndi waukulu mbali ina palibe, ndiye kuti khosi lapotoka, pamenepo tsanzikani muzipita, ine sindingakonze ndipo mu Tete muno sindikudziwa angakonze. Ikani diso kumutu muyang'ane motsata khosi ngati mukuona thabwa kwa kalipentala, muonenso ngati kumapeto kufupi ndi thupi sikunatukuke, zakale zimakonda kutero ndipo noti za kumeneko zimangoti tsss.

Imbani freti iliyonse pa nsambo iliyonse, musachite manyazi olo mwini wake akuyang'ana wotchi. Mafreti odyeka amaoneka timaenje pansi pa nsambo makamaka asanu oyamba. Mapikapu gogodani ndi sikuludiraiva pa timaginito, ina ndi ina payokha, zonse zimveke mofanana. Kulira kwa hmmm mukatsegula imodzi yokha si vuto, Jazz Bass ndi mmene ilili, mukatsegula zonse ziwiri mpaka kumapeto kumatha. Jeki yokhetchera, ma pot okanda, makiyi adzimbiri, zonsezo ndi zazing'ono, zikuthandizeni potsitsa mtengo basi. Yang'ananinso timabowo ting'onoting'ono ndi kafumbi ka thabwa, bezi yokhalitsa pakona ya nyumba imafumbwa.

Ndipo kabezi kanu ka ku China musakataye mtima, mwina palibe anakhudzapo truss rod chigulireni. Bwerani nako ndikaone.

Txopela_Matundo:
Ndiwonjezere za ulendo poti ndi ntchito yanga. Mukagula musalole kondakitala aike pamwamba kapena kumbuyo pansi pa matumba. Okutobala uno mu Tete ndi Moatize dzuwa likudutsa 40, mu shapa yoima pa siteji kudikira kudzaza ndi ng'anjo, guluu amafewa. Lipirani mpando wachiwiri kapena muikhazike pakati pa miyendo mpaka pa Mussacama mpaka kukwera mapiri.

Nachisale_Ulongue:
Ndipo ikafika kuno isintha ndithu. Kumeneko n'kouma kotentha, kuno ku Angónia mvula ikayamba chinyontho chili ponseponse, June kuzizira. Yanga ndimachita kuikonza khosi kawiri pachaka. Muisiye masiku angapo izolowere musanayambe kupotokola zinthu

Bezi_wa_Domue:
Abale ndabwerako. Ndifotokoze bwinobwino. Mkuluyo ndi munthu waulemu ndithu, anandilandira pakhonde, anaitulutsa mu chikwama chong'ambika zipi. Kungoiona mtima unagunda, ndi yokongola abale, khosi lili ndi timabokosi tija toyera ndi mzere m'mbali. Ndinaichuna n'kuchita zonse anandiuza amisiri. Khosi ndi lowongoka, kakhadi kanalowa bwinobwino mbali zonse ziwiri, mafreti adyeka pang'ono pansi pa A ndi D koma palibe noti yakufa. Nsambo zili pansi moti zala zimangoyenda zokha, ndinaimba mpaka ana a neba anadzaza pa mpanda. Tinapita nayo pa sikelo ya mayi wina wogulitsa chimanga pafupi pomwepo, makilo 4 ndi pang'ono.

Tsono kumbuyo. Pa kachitsulo ka masikuluwu anayi panali chomata cha timu ya mpira, ndinapempha kuti ndichotse, pansi pake palembedwa Steel Adjustable Neck, m'munsi mwake Made in Japan. Kumutu kulibe nambala ya S iliyonse, ndipo dzina la Fender ukapititsa chikhadabo umamva m'mphepete mwake, pansi pake thabwa likuoneka kuti linapalidwa. Ma pot ndi ang'onoang'ono, 137 palibe. Pikapu ya ku bridge ikumveka motsika kwambiri kuyerekeza ndi inzake, jeki ikukhetchera. Mkulu uja nditamuonetsa anangoti kakasi, ine ndikuona ngati sankadziwadi, akuti iye saimba n'komwe. Watsika kufika 25 mil. Ndamuuza kuti ndikaganize. Koma abale kulira kwake kwandikhala m'mutu.

SunguraBasi:
Mzungu wa ku mgodi uja anali m'Japan kani

Mmisiri_Chingodzi:
Achimwene mwagwira ntchito. Mawu amenewo a Steel Adjustable Neck amapezeka kwambiri pa magitala a ma 70 a fakitale ya Matsumoku ya mu mzinda wa Matsumoto. Poyamba inkapanga matebulo a makina osokera a Singer, kenako inayamba magitala, ndiyo inkapanga Aria, Westone, Univox ndi ma Epiphone a nthawi imeneyo, inatsekedwa mu 1987. Ndiye chaka chimene akunena mkuluyo mwina sichili kutali, bezi ndi yakaledi, bodza ndi dzina lokha limene wina anamata. Dzina lake lenileni ndi limene anapala lija. Chimene sindinamve, thupi ndi thabwa lenileni kapena plywood? Zotchipa za nthawi imeneyo zina zinali plywood, mumaona mizeremizere mukasuzumira mu bowo la ma pot. Nanga truss rod munayesa?

Bezi_wa_Domue:
Mu bowo ndinasuzumira ndi tochi ya foni, mizere palibe, ndi thabwa. Truss rod sindinaigwire, nati ili kumunsi yabisika ndi pickguard, kapulasitiki ka pamwamba pa thupi kaja, ndipo mwini wake anayamba kuoneka wotopa nane

Kota_wa_Songo:
Gulani. Koma osati 25. Ikanakhala ndi dzina lake lenileni kumutu bwenzi tikukamba zina, koma yopalidwa mutu simungadzaigulitse kwa wosonkhanitsa zakale, ndi ya ntchito basi. Pikapu imodzi ikudwala, jeki, nsambo zatsopano, zonsezo ndi ndalama. Ine ndingayambire pa 12 n'kuima pa 15.

Nachisale_Ulongue:
15 ndiye kuti feteleza wapulumuka, komiti ivomera. Koma chomata cha Fender chija muchotse achimwene, musamakaime kutsogolo kwa mpingo ndi bodza pamutu

Jeki_Mbambande:
Ayi asachotse, anthu akaona Fender amalipira bwino pa ukwati kkk

SunguraBasi:
Ine ndikadali pomwepo, 15 mil onjezani pang'ono mugule ya nsambo zisanu. Zaka pafupifupi 50 thabwa limenelo latopa

Kota_wa_Songo:
Thabwa lokhala zaka zimenezo likukokedwa ndi nsambo mu kutentha kwa Moatize osakhota ndiye lasonyeza kale kuti silikhota. Yatsopano ya mu katoni sudziwa kuti ikaona mvula yoyamba ya ku Domue idzatani. Za E flat atsitse nsambo zonse theka la noti kapena E yokha ifike pa D, anthu akhala akuchita zimenezo kalekale.

Madala_Furancungo:
Mwana wanga ngati zala zinayenda zokha usachedwe nayo. Koma mkuluyo usamunyoze pokambirana mtengo, nayenso anaputsitsidwa.

Mmisiri_Chingodzi:
Tichite chonchi. Kuchokera kuno ku Chingodzi kufika Moatize si patali, Loweruka ndili ndi ntchito kumeneko. Mumuuze mkuluyo kuti kubwera mmisiri, ndikachotsa pickguard ndiyese nati, kumasula kaye pang'ono kenako kumanga, kota imodzi basi. Ikakhala yolimba yosatembenuka kapena yongozungulira yopanda kugwira, musagule olo pa 10. Nditenganso mita ndipime mapikapu. Ya Jazz Bass yabwinobwino imaonetsa cha m'ma ohm 7k kapena 8k, za ku Japan zina zimatsikirapo, koma ikaonetsa kuti waya waduka mkati ndiye tidziwa chifukwa chake ikumveka motsika. Nthawi zina si pikapu n'komwe, ndi siponji ya pansi pake yafota ndiye yamira kutali ndi nsambo, kapena waya wachoka pa pot, zimenezo ndi za mphindi khumi.

Bezi_wa_Domue:
Amisiri Mulungu akudalitseni, ndamuimbira wavomera Loweruka m'mawa. Ndamutchulira 13 wati tikambirana mmisiri akaona. Pikapu ikapezeka yakufa ndiitanitse yatsopano pa intaneti?

Mmisiri_Chingodzi:
Musaitanitse kaye. Zokopera za ku Japan za ma 70 mabowo a mapikapu sakhala ofanana nthawi zonse ndi a Fender, ndipo pa Fender pomwe ya ku bridge ndi yotalikirapo pang'ono kuposa ya kukhosi. Ndikapima ndi rula ndikutumizirani mamilimita, mugule yolowa. Kusema thupi kuti pikapu ikwane sindifuna.

Txopela_Matundo:
Amisiri ndikunyamulani ine Loweruka, mafuta alipira a ku Domue. Mundipeze pa rotunda 7 koloko, ndipo mubwere ndi kaampu kanu kaja ka batire, kumene akukhala mkuluyo magetsi amavuta m'mawa